Mafunso ndi mayankho: AI ndi mafayilo a ntchito yosamalira anthu kuno ku Mangochi

Mafunso awa ndawatola kwa anzanga oteteza ana m'madera, a m'mabungwe, ongodzipereka a m'makomiti a kumudzi, ndi ophunzira amene amabwera kudzaphunzira ntchito m'maofesi mwathu. Ambiri amafunsa chamseri msonkhano ukatha, tili pa mzere wa fanta ndi mabanzi, chifukwa anayamba kale kugwiritsa ntchito zidazi popanda wowauza kuti inde kapena ayi. Ndiye tiyeni tingoikamba poyera.

AI imene yatchukayi ndi chiyani kwenikweni?

Dzinali likuphimba zinthu zambiri, koma zimene zafika m'mafoni mwathu zili m'magulu atatu. Pali mapulogalamu ocheza nawo: ChatGPT, imene kampani ya OpenAI inatulutsa mu Novembala 2022, Gemini ya Google, Copilot ya Microsoft, Claude ya Anthropic, ndi Meta AI, kaja kamene kanangotulukira mu WhatsApp mu 2024 osakaitana. Pali ena omvetsera zolankhula n'kuzisandutsa zolemba. Ndiye pali omasulira, monga Google Translate.

Onsewa anaphunzitsidwa ndi mulu wa zolemba ndi zolankhula za anthu, ndipo luso lawo ndi kulosera mawu amene amayenera kutsatira mawu anzawo. N'chifukwa chake Chingerezi chawo chimatsetsereka ngati cha loya. Koma kulosera si kudziwa. Makinawa sanakwereko kabaza kupita kwa Katuli, sanakhalepo pamphasa kumvetsera gogo akufotokoza za zidzukulu zimene anamusiyira ana ake opita ku Joni. Akudziwa mmene lipoti limamvekera; zimene zinachitika pakhomopo mukudziwa ndinu.

Ndiye pa ntchito yathu ingathandize pati?

Pambiri ndithu, ndipo sindikufuna muganize kuti ndikudana nayo. Boma lino kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 1.1 miliyoni, ndipo ogwira ntchito yosamalira anthu ndi owerengeka pa zala. Munthu mmodzi amatha sabata yathunthu akulemba m'malo moyendera mabanja.

Ntchito imene mulibe nkhani ya munthu wina aliyense, ipatseni. Ikukonzereni fomu yopanda kanthu ya ulendo wa pakhomo, mitu yake ili m'malo: tsiku, amene munawapeza, zimene munaona, zimene munauzidwa, maganizo anu, chotsatira ndi wochichita. Ikulembereni kalata yoitanira mafumu ndi mashehe ku msonkhano wa ADC, komiti ya chitukuko ya m'dera. Ikuthandizeni masamu a mu Excel amene akukuvutani pa lipoti la pa kotala, mutaipatsa manambala ophatikiza kale, opanda mayina. Ikufupikitsireni ndondomeko ya boma ya masamba 80 imene aliyense angaipeze pa intaneti, ngakhale apo muzitsegulabe tsamba lenilenilo musanabwereze zimene yanena. Ikupangireni nkhani yopeka yophunzitsira ongodzipereka atsopano. Ine ndimaigwiritsa ntchito pa zonsezi pafupifupi sabata iliyonse.

Kodi ndingaike zimene ndalemba za mwana mu ChatGPT kuti indikonzere lipoti?

Ayi. Pa akaunti yanuyanu, ya ulere kapena yolipira nokha, ayi.

Zimene mwalemba m'bokosi muja sizikhala mufoni mwanu. Zimapita ku makompyuta a kampaniyo kunja kwa dziko, zimasungidwa kumeneko, ndipo malinga ndi mmene akaunti yanu inatcheredwera zitha kugwiritsidwa ntchito pophunzitsa makinawo. Mungathe kuzimitsa zophunzitsirazo, inde, koma nkhaniyo yatuluka kale m'manja mwanu ndi m'manja mwa ofesi. Madzi akatayika sawoleka.

Izi zinachitika kale kwa anzathu. Mu 2024, ofesi yoona za chinsinsi cha anthu m'chigawo cha Victoria ku Australia inafufuza wogwira ntchito yoteteza ana amene anagwiritsa ntchito ChatGPT polemba lipoti lopita ku khoti la ana. Anaikamo mayina ndi zinsinsi za banjalo. Choopsa kuposa apo chinali chimene chinatuluka: panali chidole cha mwanayo chimene chinali umboni wa khalidwe loipa la bambo ake, koma lipotilo linachitchula ngati chinthu chabwino, kusonyeza kuti makolo amagulira mwana zoseweretsa zoyenera msinkhu wake. Makinawo anaona mawu akuti chidole ndi mwana, n'kulemba zimene zimalembedwa kawirikawiri pa mawu amenewo. Mapeto ake dipatimentiyo inalamulidwa kutsekera ogwira ntchito yoteteza ana mapulogalamu otere.

Nanga ndikachotsa mayina?

Funso ili ndi limene limabwera kwambiri, ndipo yankho lake limakhumudwitsa. Kuchotsa dzina kumathandiza, koma kuno sikokwanira.

Tayesani iyi. Mtsikana wa zaka 14, wa sitandade 7, bambo ake ali ku Joni chaka chachitatu, mayi ake amagulitsa usipa padoko, anamutomera mnyamata wa njinga yamoto yofiira, mudzi wakuti kwa Mfumu yaikulu yakuti. Dzina mulibe. Koma kaperekeni kapepala kameneka kwa mayi aliyense pa mjigo wa m'mudzimo, akuuzani dzina la mwanayo, la agogo ake, ndi nyumba imene amagona. M'midzi yathu munthu sadziwika ndi dzina lokha. Amadziwika ndi mbumba yake, ntchito ya makolo, mzikiti kapena tchalitchi chimene amapemphera, ngakhale ndi ngozi imene inagwa pakhomo pawo chaka chatha.

Kuti nkhani ibisike zenizeni muyenera kuchotsa mudzi, sukulu, zaka, ntchito za makolo, masiku ndi chilichonse chachilendo. Mukatero chotsala si fayilo ya mwanayo ayi, ndi funso wamba. Funso wamba lotero mungafunse: lipoti la mwana amene wasiya sukulu chifukwa cha chitomero liyenera kukhala ndi mitu yanji? Yankho mulitenge, lipotilo mulembe nokha.

Malamulo athu akutipo chiyani?

Musayembekezere lamulo lotchula ChatGPT ndi dzina. Amene alipo akutimanga kale. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wosungiridwa chinsinsi. Mu 2024 kunabwera Data Protection Act, ndipo bungwe la MACRA ndi limene linapatsidwa udindo woyang'anira lamuloli. Mwachidule limati: tengani zokhudza munthu pa chifukwa chomveka ndi chovomerezeka, tengani zokhazo zimene mukufunikira, zisungeni motetezeka, ndipo musazitumize kunja kwa dziko mwachisawawa. Zokhudza umoyo wa munthu ndi zokhudza ana limazisamala mwapadera. Fayilo yathu iliyonse ili ndi zonsezi pamodzi.

Child Care, Protection and Justice Act ya 2010 imateteza mwana amene nkhani yake ili ku khoti kuti asaululidwe. Lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa kuulula za magazi a munthu popanda chilolezo chake. Kumbukiraninso kuti chisinthireni malamulo aakulu mu 2017, mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, ngakhale akhale ndi mwana wake kumbuyo.

Pamwamba pa malamulowa pali lonjezo limene mumapereka pakhomo paja: "Mayi, zimene mundiuze zithera pakati pa ine ndi ofesi." Simunawauze kuti zipitanso ku America.

Kodi makinawa amamva Chichewa ndi Chiyao?

Chichewa amachimva pakatikati, ndipo akupita patsogolo chaka ndi chaka. Chiyao ndiye chili kutali, chifukwa zolembedwa m'Chiyao pa intaneti n'zochepa kwambiri. Ndiye ganizirani mmene anthu amalankhulira ku Namwera kapena ku Malindi: chiganizo chimayamba m'Chiyao, pakati palowa Chichewa, kumapeto liwu la Chingerezi kapena la Chiarabu la ku madrasa.

Koma vuto lalikulu si mawu ovuta ayi. Ndi mawu apafupi, amene makinawo amaganiza kuti awamva. Apa ndiulule zanga. Masiku oyambirira, ndisanaziganizire bwino izi, ndinalemba m'kope za ulendo wina m'Chichewa, n'kuchotsa mayina, n'kupempha pulogalamu ina kuti indimasulire m'Chingerezi. Nkhani yake inali ya mtsikana amene bambo ake aang'ono ankamukakamiza ukwati, ndipo amene anabwera kudzanena anali amalume ake, amenenso anavomera kumusunga. Chingerezi chimene chinatuluka chinali chokoma, ndinachita kumwetulira. Koma bambo aang'ono anasanduka "uncle", amalume nawonso "uncle", ndipo pofupikitsa makinawo anawaphatikiza kukhala munthu mmodzi. Lipotilo linkanena kuti mwanayo akasungidwe kwa munthu yemweyo amene akumukwatitsa. Ndinaliwerenga kawiri osaona kanthu, chifukwa m'mutu mwanga ndinkadziwa kale kuti ndi anthu awiri. Anandigwira dzanja ndi mnzanga amene tinapitira limodzi: "Achimwene, mwalembatu kuti tikam'pereke kwa fisi."

Kwa ife kusiyana kwa anthu awiriwa si nkhani ya galamala. Amalume, anjomba, ndiwo eni mbumba. Mawu awo pa ukwati wa mwana wa mlongo wawo amalemera. Chimodzimodzi "mayi aang'ono": ndi mng'ono wa mayi ake, kapena mkazi wachiwiri wa bambo ake? Mwana akati "achimwene", ndi wa bere limodzi kapena mwana wa mayi aakulu? Ndiye pali mawu ozungulira. Mayi akati mwana "anamulakwira", kapena "anamulowera m'nyumba", kapena agogo akati "mwanayu wakula", inu mukudziwa chimene chikunenedwa. Makina angalembe kuti wina anamukhumudwitsa, kuti kunabwera mlendo, kuti mwana watalika. Za kundagala, jando, nsondo, kusasa fumbi, angazisandutse mwambo wosangalatsa kapena kuzikometsera ngati za alendo odzaona nyanja.

Nthawi nayonso. Anthu amati zinachitika m'mwezi wa Ramadani, kapena mwera utayamba, kapena nyanja itatsekedwa. Ramadani imasuntha ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse. Makina amakonda deti, ndipo mukapanda kusamala akupatsani deti limene palibe analitchula.

Lembani mawu enieni a munthuyo m'chilankhulo chimene wanenera, muwaike m'mitengero, tanthauzo lake mulilembe inuyo pambali.

Ndamva kuti kunja akujambula zokambirana pa foni, makina n'kulemba okha. Ifenso tingatero?

N'zoona. Ku England makhonsolo ambiri akugwiritsa ntchito pulogalamu yotchedwa Magic Notes, ya kampani ya Beam: wogwira ntchito amajambula zokambirana, pulogalamuyo n'kulemba ndi kufupikitsa motsata fomu ya ofesi. Koma onani mmene zilili kumeneko. Khonsolo ndi imene imasaina mgwirizano ndi kampaniyo, osati wantchito payekha. Munthu amafunsidwa kaye ngati akulola kujambulidwa. Wantchito amayenera kuwerenga ndi kukonza zolembedwazo asanaziike mufayilo. Ndipo zokambiranazo zili m'Chingerezi, chilankhulo chimene makinawa anakulira.

Ngakhale m'Chingerezi momwemo amaphonya. Ofufuza a ku America amene anayesa pulogalamu ya Whisper ya OpenAI anapeza mu 2024 kuti pa zojambula 100 zilizonse, pafupifupi chimodzi chinkatuluka ndi mawu amene sananenedwe n'komwe, ena a iwo onena za chiwawa. Zinkachitika kwambiri pamene wolankhula wakhala chete nthawi yaitali. Tsono ndani amakhala chete nthawi yaitali kuposa mwana amene akufotokoza zimene anamuchita? Chete ameneyo kwa ife ndi umboni, timamulemba: anangowerama, anayamba kukanda pansi ndi kamtengo. Makina amafuna kudzazapo mawu.

Palinso za pakhomo penipenipo. Mumakhala pakhonde, nkhuku zikulira, wailesi ya oyandikana nawo ili pamwamba, apongozi akhala chapatali koma khutu lili konkuno. Mukatulutsa foni n'kuiika pamphasa, mayi amene anali pafupi kumasuka amabweza mawu. Ndipo chilolezo cha munthu amene akuyembekeza thandizo kwa inu n'chovuta kuchikhulupirira. Avomera chifukwa akuopa kuti akakana, dzina lake lichotsedwa pa mndandanda. Ngati ofesi yanu sinakhazikitse njira yovomerezeka yojambulira, musajambule.

Akuti makinawa amanama. Zoona?

Kunama kumafuna cholinga, iwo alibe. Koma amapeka, ndipo amapeka ndi nkhope youma. Mu 2023 maloya ena ku New York analipitsidwa chindapusa cha madola 5,000 atapereka ku khoti milandu yakale imene ChatGPT inangopeka, mayina ndi manambala ake omwe. Mukaifunsa gawo la lamulo la Malawi, itha kukupatsani nambala ya gawo yooneka bwino koma yolakwika, kapena kukutengerani lamulo la ku Kenya kapena ku South Africa n'kulimata dzina la kuno.

Kupeka koonekeratu sikundiopsa kwambiri, chifukwa mumakugwira. Kumene kumandiopsa ndi kusalaza. Inu mwalemba kuti m'nyumba munali thumba la chimanga losafika theka, ana anayi amagona pa mphasa imodzi, neti ilipo koma anaitchingira dimba. Makina afupikitsa kuti banjali likukumana ndi mavuto a zachuma. Sananame, koma achotsa chilichonse chimene mnzanu wobwera pambuyo panu akanagwiritsa ntchito poyerekeza ngati zinthu zasintha. Kwinanso amawonjeza maganizo: inu munalemba kuti mayi sanayankhe, iwo alemba kuti mayi sanafune kugwirizana nafe. Mwina mayiyo ankaopa mwamuna wake amene anaima pakhomo.

Lipoti likalakwika ku khoti, wolakwa ndani?

Amene wasaina. Lipoti la ofesi ya chisamaliro cha anthu limathandiza khoti kuganiza ngati mwana wolakwira malamulo abwerere kwa makolo kapena apite ku malo osinthira ana khalidwe ku Mpemba kapena ku Chilwa, ngati mwana achotsedwe pakhomo, ngati asungidwe ndi achibale ati. Woweruza akakufunsani kuti, "Mawu awa anawanena ndani, liti, inu muli pati?" simungayankhe kuti inalemba ndi foni. Loya wa mbali inayo akangodziwa kuti chiganizo chimodzi sichinachokere kwa inu, lipoti lonse aligwetsa, ndipo wogwa nalo ndi mwana.

Fayilo imakhalanso nthawi yaitali kuposa ife. Mudzasamutsidwa kupita ku Dedza, wina adzatsegula fayiloyo patapita zaka zisanu, ndipo adzakhulupirira chilichonse chili mmenemo.

Nanga magulu athu a pa WhatsApp?

Apa ndiye pamene chinsinsi chimatayikira kwambiri, AI isanabwere n'komwe. Tonse taonapo chithunzi cha mwana wovulala chitaponyedwa pa gulu la anthu 60, ena a iwo anasiya ntchito kalekale koma palibe anawachotsa. Uthenga wa pakati pa inu ndi mnzanu pa WhatsApp umakhala wotsekedwa, koma zimene mwalembera Meta AI zimapita ku kampani ya Meta kuti iziwerenge ndi kuyankha. Musaitumizire chithunzi cha fomu yodzaza kuti ikulembereni, musaipatse uthenga wa mawu wa kasitomala kuti imasulire.

Pa gulu lembani nambala ya fayilo ndi mawu ochepa: nkhani yachangu kwa Chimwala, ndiimbireni. Zotsalazo pa foni, kapena maso ndi maso. Nkhani ya mwana yofuna thandizo lachangu ili ndi njira zake: apolisi a VSU (nthambi yothandiza ochitiridwa nkhanza), chipatala, ofesi ya chisamaliro cha anthu, ndi nambala yaulere ya 116.

Kwathu netiweki imavuta, magetsi ndiye osanena. Izi zikutikhudza?

Mapulogalamu ocheza nawowa amafuna intaneti, ndiye amene muli ku Makanjira kapena kumapiri a kufupi ndi malire a Mozambique, kumene foni imakonda kuthawira ku netiweki ya tsidya lina, musadandaule kuti mukutsalira. Chimene chingakuthandizeni kwambiri si AI n'komwe. Mafomu a pa foni a mapulogalamu monga KoboToolbox kapena ODK amadzazidwa popanda intaneti, n'kudzatumizidwa mukafika pamene pali netiweki. Ngati bungwe lanu likufuna kuwononga ndalama pa zipangizo, liyambe ndi zimenezi, ndi sola yotchajira, ndi kabati yokhoma.

Ndipo kope musalitaye. Lolembedwa tsiku lomwelo, ndi bolopeni, deti lili pamwamba. Kope ndi limene mumabwererako pamene kompyuta ndi mutu wanu zikutsutsana. Lingosungidwa pouma ndi pokhoma. Amene munaona nyanja itakwera mu 2024 n'kulowa m'nyumba za m'mphepete mukudziwa zimene madzi amachita ndi mapepala a pansi pa bedi.

Chinanso: foni yotchajitsa pa shopu ya pamsika, yopanda pasiwedi, imene madzulo ana amaseweretsa, si malo osungira fayilo ya munthu.

Kodi AI singatithandize kusankha mabanja oyenera thandizo, kapena kuona ana amene ali pa chiopsezo?

Apa tachoka pa kulemba, talowa pa kuweruza, ndipo mtima wanga umakana. Makompyuta alimo kale m'ntchitoyi: Mtukula Pakhomo, amene anayambira ku Mchinji mu 2006, amadalira UBR, kaundula wa boma wa mabanja, ndi masamu oyeza umphawi wa banja. Koma m'ndondomekoyo muli anthu, muli msonkhano wa m'mudzi wotsimikiza mayina, muli njira yodandaulira. Amene anakhalapo pa misonkhano imeneyi akudziwa kuti mndandanda wochokera mu kompyuta umafika ndi zodabwitsa zake, ndipo ndi anthu a m'mudzi amene amati, "Awa ayi, ali ndi maboti awiri, mwasiya gogo uja wa kuseri kwa dambo."

Kumene anthu anachotsedwapo, zinavuta. Ku Netherlands, ofesi ya misonkho inagwiritsa ntchito makompyuta posaka anthu oganiziridwa kuti akuba ndalama zothandizira kulera ana. Mabanja masauzande ambiri anaimbidwa mlandu osalakwa, ambiri a iwo ochokera m'maiko ena, analamulidwa kubweza ndalama zimene analibe, ndipo mu Januwale 2021 nduna zonse za boma zinatula pansi udindo. Makina amaphunzira ku mafayilo akale. Ngati mafayilo athu ambiri ndi a midzi ya m'mbali mwa msewu wa tala, chifukwa ndi kumene galimoto imafika, makinawo adzaphunzira kuti mavuto ali m'mbali mwa tala, ndipo mwana wa kutsidya kwa phiri sadzaoneka.

Bungwe lathu likufuna kugula pulogalamu yotere. Tiwafunse chiyani ogulitsawo?

Afunseni kumene zolemba ndi mawu ojambulidwa zikasungidwe, dziko lake, ndi kwa nthawi yaitali bwanji. Afunseni ngati zidzagwiritsidwe ntchito pophunzitsa makina awo, ndipo yankho likhale lolembedwa mu mgwirizano, osati la pakamwa pa msonkhano wa ku hotela ya kunyanja. Ndani kwa iwo angatsegule fayilo? Pulojekiti ikatha, wopereka ndalama akapita, mafayilowo adzakhala a yani, ndipo mudzawatulutsa bwanji? Funso limeneli anthu amaliiwala, koma mapulojekiti ambiri kuno amakhala zaka zitatu kapena zisanu, pamene mwana amene mwamulembayo ali ndi zaka 6.

Kenako muiyese nokha. Musalole chionetsero cha m'Chingerezi. Tengani anzanu awiri achite sewero la nkhani yopeka, wina alankhule Chiyao, wina Chichewa cha kuno, panja, mphepo ikuomba. Muikemo dala amalume ndi bambo aang'ono, muikemo mawu ozungulira, muikemo chete wa mphindi yathunthu. Zotulukazo muziwerenge mzere ndi mzere. Muwerengenso nthawi imene yatha pokonza zolakwika, chifukwa ngati kukonza kukutenga nthawi yofanana ndi kulemba, mwagula chiyani?

Ofesi ya chisamaliro cha anthu ya boma lino idziwe musanayambe. Ndipo pakhale pepala limodzi, lalifupi, m'Chichewa ndi m'Chiyao, louza anthu chimene chikuchitika ndi mawu awo, ndi kuti akakana thandizo lawo silichotsedwa.

Ndinaika kale nkhani ya munthu mu pulogalamu yotere. Nditani?

Musabise. Auzeni amene amakuyang'anirani lero lomwe, mulembe tsiku, pulogalamu yake, ndi zimene munaikamo. Fufutani zokambiranazo mu akaunti yanu ndi kuzimitsa zolola kuti zolemba zanu ziphunzitsire makina, podziwa kuti kufufuta kwa inu sikutanthauza kuti kwa iwo zachoka nthawi yomweyo. Ofesi ndi imene ione ngati nkhaniyo ikuyenera kukanenedwa ku MACRA ndiponso kwa mwini nkhaniyo. Kenako bwererani ku lipoti lililonse limene linadutsa m'makinamo, mulifananize ndi kope lanu.

Kwa mabwana: wantchito amene wabwera yekha kudzaulula musamudule khosi. Mukatero ena onse angophunzira kubisa, ndipo mudzazidziwira ku khoti.

Kodi zidzatilanda ntchito?

Ya kutaipa, mwina ina. Yokhala pansi ndi ankhoswe a mbali ziwiri mpaka dzuwa kupendeka, yokakambirana ndi a mfumu kuti mwana abwerere ku sukulu, yoperekeza mayi ku chipatala usiku, sindikuona makina akuilanda. Chimene ndimaopa n'china: kuti bwana akamva kuti lipoti tsopano likutenga mphindi 10, adzakuwonjezerani mafayilo 40, ndipo nthawi imene inapulumutsidwayo sidzafika kwa mabanja.

Ndine wongodzipereka, Chingerezi chimandivuta, ndipo fomu imafuna Chingerezi. Ndisagwiritse ntchito n'komwe?

Funso ili limandikhudza, chifukwa anthu amene amadziwa bwino midzi yathu nthawi zambiri ndi omwewo amene fomu imawachititsa manyazi. Mayi wa m'gulu la amayi a pasukulu, kapena mlezi wa ku sukulu ya mmera mpoyamba, amaona zimene ife a pa Boma sitingaone, koma akafika pa bokosi lolemba Chingerezi amangoikamo mawu atatu.

Poyamba, funsani ofesi yanu ngati mungalembe m'Chichewa kapena m'Chiyao. Nthawi zambiri palibe lamulo loletsa, ndi chizolowezi chabe, ndipo ndime yomveka ya m'Chichewa imaposa Chingerezi chothyoka chimene chabisa nkhani. Womasulira akhale munthu wa mu ofesi amene ali kale ndi udindo wosunga chinsinsicho.

Kachiwiri, makinawa agwiritseni ntchito ngati mphunzitsi, osati ngati mlembi. Madzulo, bandulo ikalola, pekani nkhani ya banja limene kulibe, muilembe m'Chingerezi chanu, muipemphe ikukonzereni ndi kukuuzani pamene munalakwitsa. Ifunseni tanthauzo la mawu a pa fomu amene amakusokonezani. Ipempheni ziganizo khumi zimene zimagwiritsidwa ntchito pofotokoza zimene munthu waona ndi maso, ndi zina khumi zofotokoza zimene wauzidwa, muzikopere kumapeto kwa kope lanu. Pakatha miyezi iwiri mudzaona kuti pa ulendo weniweni simukufunanso kutulutsa foni. Mukungotsegula tsamba lakumapeto lija, n'kulemba.